Asewere Anga Nkhanu

Lolemba, 8 Julayi

Mvula tsiku lonse. Nkhuku zinayi zokha ndi zimene zatha, anthu a kufakitale sanatuluke. Bondo likundiwawanso.

Koma nkhani si imeneyo. Cha m'ma 11 kunabwera mkulu wina wa ku Japan, ambulera yakuda m'manja, malaya omanga mabatani mpaka pakhosi. Anthu a ku Japan kuno ku Si Racha, tauni yathu ya Athai, ndi osayamba, sindiwacheukira n'komwe. Koma uyu atavula chipewa, chimpeni chodulira nkhuku chinatsala pang'ono kundigwera paphazi. Makutu! Makutu enieni a Naoki, malemu mkamwini wanga, otambalala ngati zogwirira poto.

Analoza mpunga wa nkhuku ndi chala, n'kudya mwakachetechete ngati ali pamaliro. Potulutsa ndalama kakhadi kake kanagwa, ine n'kumutolera. Kuramochi. Zilembo zachizungu sindizidziwa kwenikweni, koma dzina limeneli ndimaliona tsiku ndi tsiku pa makope a mdzukulu wanga Namtan.

Ndiye ndi ameneyu. Munthu amene anakana kubwera ku ukwati wa mwana wake chifukwa anakwatira Kung wanga, mwana wa mayi wogulitsa mpunga pamsewu. Amene sanaoneke ngakhale pamaliro a Naoki zaka zitatu zapitazo. Asewere anga! Iye sandidziwa. Angandidziwe bwanji, munthu anakana kuona ngakhale chithunzi chathu.

Ndinamumwetulira, mano onse panja.

Lachiwiri, 9 Julayi

Ndamufinya Kung mpaka waulula. Analandira kalata ya mkulu uja mwezi watha. Mkazi wa mkuluyo anamwalira, ndiye akuti abwera kunyumba Lamlungu pa 21, teni koloko m'mawa.

"Osandiuza ine mayi ako?"

"Mukanatani, Amayi? Mukanamudikirira pachipata ndi chimpeni chanu chija."

Mwanayu amandidziwa.

Akuti: "Abwere. Ndimupatsa madzi akumwa, aone chithunzi cha mwana wake, azipita." Ananena uku akupinda zovala, osandiyang'ana.

Sindinamuuze kuti munthuyo anafika kale m'tauni muno, ndipo lero wadyanso mpunga wanga. Atatha kudya anakaima pamene kanjira ka kwathu kamayambira, n'kusuzumira, n'kubwerera. Kawiri konse.

Lachitatu, 10 Julayi

Sindinachite kuzifuna, zabwera zokha.

K. (ndizimulemba choncho, dzina lake limatha inki) anatulutsa foni. Amalankhulamo Chijapani, foniyo n'kundiuza m'Chithai ndi mawu a kamtsikana. Akuti: "Mayi, mungandiphunzitseko Chithai? Mawu ochepa tsiku lililonse. Ndili ndi masiku khumi ndi limodzi."

Ndinayang'ana kwa Lamyai, mnzanga wogulitsa khofi wozizira pafupi ndi ine. Dzulo ndinamuuza zonse. Anandipukusira mutu kuti usayerekeze.

Ndinayerekeza.

Phunziro loyamba, kuthokoza. Foni yake inali itamuuza kale kuti mwamuna amamaliza mawu ndi khrap. Ndinalankhula mufonimo: "Khrap ndi ya anyamata a njinga zamoto. Bambo wolemekezeka ngati inu amati kha. Ndipo muziikoka: khaaa. Foniyi musamaikhulupirire, imalankhula Chithai cha pa wailesi."

Analemba m'kabuku kake. Kenako anaimirira, n'kuphatikiza manja pachifuwa, n'kuuza Lamyai ndi mawu ake a chimuna aja: "Zikomo khaaa." Ndendende kamtsikana ka kubanki, poti kha ndi ya akazi.

Lamyai khofi anamutulukira m'mphuno. K. atachoka anati, "Toi iwe, udzabadwanso nalimata."

"Bola nalimata sadzuka folo koloko kuphika nkhuku."

Wayamba kunditchula Aphunzitsi.

Lachinayi, 11 Julayi

Anafunsa mmene anganenere kuti "osaika tsabola". Ndinamuphunzitsa phet phet, n'kumulozera kwa mayi wa saladi wa papaya uja wa dzanja lolemera.

Anabwerako maso ali psuu, mphuno ikuchucha, makutu aja afiira ngati nkhanu yophika. Anamwa makapu awiri a khofi wozizira osapuma. Ndinauza Lamyai kuti azindithokoza, ndikumubweretsera makasitomala.

Chimene chandikwiyitsa n'chakuti anandipepesa. Akuti mwina sanatchule bwino, ayesetsa mawa. Anatchula bwino kwambiri.

Lachisanu, 12 Julayi

Lero sindinalakwe ine.

Lamyai wakonzetsa tsitsi. K. anafuna kumuyamikira, ndiye ndinamuphunzitsa zoona: suay, mawu akwere kumapeto, ndiye kuti wokongola. Iye anangowayala pansi flati, zimene zikutanthauza watsoka. Anamuyang'ana Lamyai m'maso, akumwetulira: "Watsoka kwambiri khaaa."

Lamyai anali atangogula tikiti ya lotale! Anandithamangitsa ndi chopanira ayezi. "Wamutuma ndiwe!"

"Ayi achemwali, limeneli ndi luso lake lobadwa nalo."

Makutu aakulu chonchija koma samva kukwera ndi kutsika kwa mawu. Naoki nayenso anali chimodzimodzi chaka choyamba. Ankaitana agalu pofuna kuitana anthu.

Loweruka, 13 Julayi

Wadya mbale ziwiri. Msuzi wanga amaukonda, nkhalamba yopanda manyazi.

Lolemba, 15 Julayi

Anandifunsa: mwana amawatchula bwanji bambo a bambo ake? Ndinamuuza: puu, mawu atsike pansi. Iye anati puu, flati. Nkhanu.

Ndikanamukonza. Koma ndinakweza chala chachikulu. "Mwakhoza! Ngati munabadwira konkuno."

Anasangalala ngati mwana. Anadziloza pachifuwa: "Ine nkhanu. Ine nkhanu khaaa." Ananena kakhumi. Mlonda wa kubanki amene ankadya pa tebulo linalo anatsamwa ndi fupa, ndinachita kumumenya kumsana.

Komatu ndi nkhanudi. Sabata yathunthu akuyenda chammbali kuzungulira kanjira kathu, osalowa.

Lachiwiri, 16 Julayi

Msewu wonse wamudziwa. Anyamata a njinga zamoto akamuona akumakuwa, "Moni Mayi Kura khaaa!" Iye n'kuwaweramira mwaulemu, iwo n'kumagwa ndi phwete.

Sizinandisangalatse. Ndinapita ndi chimpeni m'manja. "Inu agalu inu, mulibe makasitomala? Munthu wamkulu ngati bambo anu!"

"Koma Azakhali a Toi, si inu munamu..."

"Tseka pakamwa."

Wophunzira ndi wanga. Womuseka ndine ndekha.

Lachitatu, 17 Julayi

Wabwera ndi ntchito yaikulu. Akufuna mawu atatu oti akanene Lamlungu kwa "anthu ena ofunika". Ndine agogo ako. Ndachedwa kubwera. Ndikhululukireni.

Ndikhululukireni! Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, munthu n'kudzazimaliza ndi mawu atatu ophunzira pa tebulo la mpunga? Ndinakumbukira mpando uja tinamusungira pa ukwati, wokutidwa nsalu yoyera, uli mbee wopanda munthu tsiku lonse. Achibale anga akunong'onezana kuti mwina mkwati alibe kwawo.

Ndinamuphunzitsa mawu atatu. Ndine nkhanu. Ndimayenda chammbali. Ndiphikeni.

Tinabwereza mpaka nkhuku zinatha. Akuwanena bwino zedi, misozi ili m'maso. Lamyai sakundilankhula.

Lachinayi, 18 Julayi

Pakamwa pangapa. Ndikanangokhala chete.

Ndinamufunsa ngati sindikudziwa kanthu: anthu ofunikawo sadziwa Chijapani? Anati mpongozi wake amachidziwa bwino kwambiri. Ndiye mukuvutikiranji?

Anatenga foni yake. Kenako analankhula mufoni nthawi yaitali, kamtsikana ka mufoni n'kumandiuza ndi mawu ake osangalala aja, ngati akulengeza mitengo ya sopo.

Akuti: "Ndinauza mwana wanga kuti mkazi wosabadwira m'chilankhulo chathu sadzalowa m'nyumba mwanga. Mtsikanayo anaphunzira Chijapani zaka ziwiri, n'kundilembera kalata. Ndinaibweza osatsegula. Ndiye ine sindingalowe m'nyumba mwake ndi chilankhulo changa. Ndilowe ndi chake, ngakhale mawu atatu."

Za kalata yobwezedwayo Kung sanandiuzepo.

Akuti mkazi wake atamwalira anapeza kabokosi pansi pa zovala. Zithunzi za Namtan, chaka chilichonse chimodzi, Kung ankatumiza mobisa kwa apongozi ake aakazi. Zimenezinso sanandiuzepo! Mwana ameneyu ndinamubereka ine kapena ndani?

Anandionetsa chimodzi. Namtan ali ndi zaka zisanu, mano akutsogolo palibe, wagwira dzanja la munthu amene sakuoneka. Mkono wokha. Pamkonopo chipsera cha mafuta otentha.

Ndinabisa mkono wanga pansi pa epuloni mpaka anachoka.

Lachisanu, 19 Julayi

Kuphunzitsa bodza n'kosavuta. Kulichotsa ndiye ntchito.

Ndinamuuza kuti tisinthe pang'ono. Kha uja timusiye, tiziti khrap.

Anatsegula kabuku, n'kundionetsa tsiku ndi ola: pa 10 Julayi, Aphunzitsi anati khrap ndi ya anyamata a njinga zamoto.

"Malamulo asintha."

Anaseka. Koyamba kumuona akuseka, ndipo amasekanso ngati Naoki, mapewa okha kugwedezeka. Akuti wazindikira, ndikumuyesa ngati wagwiradi phunziro. Akuti mawu atatu aja wawanena kokwana mazana awiri pagalasi, ngakhale atamudzutsa kutulo sangaphonye. Anaimirira n'kundionetsa: "Ndine nkhanu. Ndimayenda chammbali. Ndiphikeni khaaa."

Lamyai anayankha ali kwake kuja, osatembenuka: "Mphika uli pamoto kale, koma wolowamo si inu, Bambo."

Masiku awiri atsala. Mutu ukundiwawa.

Loweruka, 20 Julayi

Ndaulula.

Foni sindinaigwiritse ntchito poyamba. Ndinamupempha chithunzi chija, n'kuchiika pa tebulo, n'kugoneka mkono wanga pambali pake. Anayang'ana chipsera cha pachithunzi, n'kuyang'ana changa. Anabwereza katatu. Makutu aja anayamba kufiira popanda tsabola.

Kenako ndinalankhula mufoni. Ndine mayi ake a Kung. Kha ndi ya akazi. Phet phet ndi tsabola wambiri. Mawu atatu aja ndi akuti ndi akuti. Kamtsikana ka mufoni kanamuuza zonse mosangalala.

Ndinkadikira kuti akalipe. Ndinali nditakonzeka, mawu anga anali pamzere kuyambira pa mpando wa pa ukwati uja. Koma anangoimirira, n'kuwerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda botolo la msuzi, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Anatenga ambulera n'kumapita. Mpunga sanaukhudze.

Masana ndinauza a kunyumba. Namtan anagubuduzika pansi. "Ndiphikeni! Agogo, ndinu oopsa!"

Kung sanaseke. "Amayi, muli ndi zaka 64."

"Ndinkakubwezerera iwe."

"Ndinakutumani? Akapanda kubwera mawa, Namtan mudzamuuza chiyani?"

Namtan anasiya kuseka. Ine ndinapita kukatsuka mapoto otsuka kale.

Lamlungu, 21 Julayi

Wabwera. Teni koloko ndendende, atavala jekete kutentha konseku, kabokosi ka zithunzi m'manja. Nsapato anazivula n'kuziika bwinobwino moyang'ana kunja, ngati munthu wokonzeka kuthamangitsidwa.

Lamyai anali atandiimbira kale m'mawa. Akuti dzulo masana onse K. anakhala pa benchi la anyamata a njinga zamoto, kabuku m'manja, iwo akusinthana kumuphunzitsa. Agalu aja ali ndi mtima, kani.

Anaima pamaso pa Kung, manja pachifuwa. Mawu ake anali olondola: "Ndachedwa kubwera. Ndinalakwa. Ndikhululukireni, khrap."

Anatembenukira kwa Namtan, n'kudziloza. Apa ndiye anyamata aja analephera. Nkhanu yomweyo.

Namtan analuma mlomo. Anatambasula dzanja n'kulitsitsa pansi pang'onopang'ono. "Mawu atsike. Puu." Anayesa. Nkhanu. Anayesanso. Nkhanu. Kachitatu zinatheka, mwina mwangozi. Namtan anaphatikiza manja n'kumuweramira.

Ndinkaganiza kuti zatha bwino, ndikatenge zipatso. Ndinaiwala kuti Kung ndi mwana wanga.

Anayamba kulankhula. Osati Chijapani chake chabwino chija, ayi. Chithai, chothamanga, cha pamsika, chimene amalankhula akapsa mtima. Za kalata ija. Za tsiku limene Namtan anabadwa, Naoki ataimba foni kwawo n'kudulidwa. Za kuchipatala, miyezi iwiri yomaliza, Naoki akupempha kuti bedi alitembenuzire kukhomo. Zina ngakhale ine sindinkazidziwa. Sanakuwe, sanalire. Mphindi khumi kapena kupitirira.

K. sankamva kanthu. Koma anatulutsa kabuku ali chiimire, n'kumalemba mawu amene khutu lake latola. Ndinafuna kumulanda cholembera. Kung anaona, koma sanasiye.

Pomaliza ananena chiganizo chimodzi chokha m'Chijapani. Namtan anandinong'oneza tanthauzo: "Mukadzamva zimene ndanenazi, mudzabwere mudzandiyankhe."

Kenako anamupatsa madzi. Anamwa onse. Anagwada pa chithunzi cha Naoki nthawi yaitali. Potuluka anandiweramira inenso. Sindinadziwe poyang'ana.

Kabokosi anakasiya pa tebulo. Kung wakalowetsa kuchipinda kwake, ndipo chitseko n'chotseka mpaka pano.

Lolemba, 22 Julayi

Sindinkayembekeza kuti abwera. Ndinali nditauza kale Lamyai kuti basi, wophunzira wanga wathawa sukulu.

11 koloko, ambulera yakuda. Anakhala pa tebulo lake lomwe lija. "Mpunga wa nkhuku mbale imodzi, khrap." Za Loweruka sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinamuikira ntchafu, osati chidali.

Anatsegula kabuku. Masamba awiri odzaza ndi zolemba za dzulo, zokhotakhota chifukwa ankalemba ali chiimire. Anaika chala pa mzere woyamba. Kudzera mufoni anati mawu awa Kung anawanena kakhumi ndi kamodzi, anawerenga. Anawatchula mosamala: "Ro." Kenako: "Aphunzitsi?"

Lamyai anasiya kuswa ayezi. Ankandiyang'ana.

Foni inali pomwepo pa tebulo, koma sindinafune kuti kamtsikana kosangalala kaja kanene zimenezi. Ndinakoka mpando, n'kukhala moyang'ana kumsewu. Ndinayang'ana pamkono ngati pali wotchi. Munthu atadutsa ndinadzuka pang'ono, n'kukhalanso. Wina atadutsa, chimodzimodzi. Ndinapitiriza choncho, maso ali kumsewu.

Kudikira.

Anandiyang'anitsitsa. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Naoki?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

Cholembera chinaima papepala osayenda. Mpunga unazizira. Anthu awiri a kufakitale anafika, n'kuima, akuyang'ana ine, akuyang'ana mkuluyo. Patapita nthawi anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Chala chinatsikira pa mzere wachiwiri.

"Aphunzitsi. Awa?"

Ndinakokera mpando pafupi ndi iye. "Lamyai, auze anthuwo kuti nkhuku zatha."

Nkhuku zitatu zinali zikulendewera poyera m'kabati yanga ya galasi.